Mtengo wa cork wa ku Portugal: bwanji suuma akausenda khungwa?

Kachere:

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya zitsekerero za mabotolo a vinyo, zofewa zija amati cork. Akuti zimachokera ku khungwa la mtengo wina womwe ndi wochuluka ku Portugal, ndipo mtengo umodzi amausenda kambirimbiri koma osauma. Apa m'pamene pandizunguza mutu. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mombo ukausenda kuzungulira thunthu pofuna mng'oma wa njuchi kapena luzi, basi wapita umenewo, chaka chamawa ndi nkhuni. Nanga uwu umapulumuka bwanji?

Funso lachiwiri: mitengoyi akuti ili kummwera, ku Alentejo, koma mafakitale ambiri ali kumpoto kufupi ndi Porto. Zinayenda bwanji kuti zikhale chonchi? Komanso ngati kukolola kwake n'kwa kamodzi pa zaka zingapo, anthu a m'matauni ang'onoang'ono a kumeneko amadya chiyani zaka zapakatizo?

Nkhwazi ya Kunyanja:

A Kachere, mombo umauma chifukwa wosendayo amachotsa khungwa lonse mpaka kufika pa thabwa loyera. Pamenepo wadula njira yomwe chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira kupita ku mizu, ndiye mizu imafa ndi njala. Mtengo wa cork, womwe eni ake amautcha sobreiro, uli ndi makungwa awiri osiyana bwino lomwe. Lakunja ndi lokhuthala, lopepuka, lakufa kale. Limeneli ndiye cortiça. Lamkati ndi lopyapyala, lamoyo, amati entrecasco. Luso lonse la ntchitoyi lagona pa kumatula lakunja osakhudza lamkati. Lamkatilo likatsala bwinobwino, pakangopita mwezi kapena kupitirira pang'ono limayamba kupanga cortiça wina.

Samangosenda mtengo uliwonse ayi. Lamulo la 2001 loteteza mitengoyi limati kusenda koyamba kuchitike thunthu likafika masentimita 70 kuzungulira, poyeza pa mita 1.30 kuchokera pansi. Mtengo umafika pamenepo uli ndi zaka pafupifupi 25. Khungwa loyambalo, virgem, ndi lamakwinya, lolimba, long'ambikang'ambika. Silingatulutse chitsekerero, amangoligaya. Pakapita zaka 9 amasendanso, n'kupeza secundeira, lomwe ndi labwinoko koma likadali losakwanira. Lachitatu, amadia, ndilo losalala loyenera vinyo. Werengerani nokha: 25, kuwonjezera 9, kuwonjezeranso 9. Wodzala mtengo amadikira zaka 43 asanaone ndalama yeniyeni. Kuchoka apo mtengo umapitiriza kubereka zaka 9 zilizonse, ndipo poti umatha kukhala zaka 200, umasendedwa ka 15 kapena kuposerapo.

Nyengo yake ndi kuyambira chapakati pa Meyi kufika Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo kumeneko. Si kuti amakonda kuvutika. Nthawi imeneyi ndi yomwe mtengo ukukula mwamphamvu, ndiye timaselo tatsopano tapakati pa makungwa awiriwo timakhala tofewa, tamadzi, ndipo timang'ambika mosavuta. M'nyengo yozizira khungwa limamatirira ngati lapakidwa guluu. Ngakhale m'nyengo yabwino, kukawomba mphepo youma yotentha kapena chilala chikakula, osenda amati mtengo "sukupereka", ndipo wanzeru amausiya. Ukakakamiza, khungwa lamkati limatsatira lakunja, pamatsala dazi la thabwa lomwe silidzamezanso cortiça.

Chida chake ndi nkhwangwa yapadera: mpeni wake ndi wotambalala wokhota ngati mwezi, mpini wake kumapeto anausema mosongoka. Osenda, omwe amawatcha tiradores, amagwira awiriawiri pa mtengo. Amayamba ndi kutema mzere woima motsatira mng'alu wakuya womwe ulipo kale pa khungwa. Pakutema amapotoza nkhwangwa pang'ono, ndipo amamvetsera: kulira kwa phwa ngati mphako ndiye kuti khungwa lilekana, kulira kouma kwa gwa ndiye kuti lakana. Kenako amalowetsa kumpini kuja mumng'alumo n'kumakanganula pang'onopang'ono. Akatero amadula mzere wopingasa pamwamba, kuonetsa polekezera. Polekezerapo palinso lamulo: pa virgem utali wosenda usapitirire kawiri muyezo wozungulira thunthu, pa secundeira kawiri ndi theka, pa amadia katatu. Ndiye mtengo wa masentimita 70 sausenda kupitirira mita 1.40. Chipande chimatsitsidwa mosamala, chifukwa chachikulu chosasweka ndicho chili ndi mtengo wabwino. Pomaliza amachotsa zotsalira za patsinde, n'kulemba ndi penti yoyera nambala yomaliza ya chaka. Mwachitsanzo, mtengo wosendedwa 2024 amaulemba 4, ndipo palibe woukhudza mpaka 2033.

Thunthu longosendedwa kumene limakhala lachikasu, pakapita masabata limafiira ngati dothi la katondo, kenako limada chaka ndi chaka. Munthu wozolowera amangoyang'ana mtundu n'kudziwa kuti munda uwu watsala zaka zingati.

Cholakwika chachikulu ndi nkhwangwa kulowa kwambiri. Mamilimita ochepa okha ndi omwe amalekanitsa ntchito yabwino ndi chilonda. Chilondacho chimasiya chipsera pomwe khungwa lotsatira limadzamera lopindika, ndipo ndi khomo la bowa ndi tizilombo toboola mitengo. Tsoka lake n'lakuti mwini munda amadzaona kuipa kwake patapita zaka 9, wolakwayo atapita kalekale. N'chifukwa chake eni minda amalimbirana magulu a osenda odziwika, ndipo ganyu imeneyi ndi imodzi mwa zolipira bwino kwambiri pa ulimi wa ku Portugal. Makina ocheka okhala ndi kachipangizo kozindikira kukhuthala kwa khungwa alipo tsopano, koma kukanganulako kukadali kwa manja.

Mai a Tsabola:

Bambo Nkhwazi afotokoza za kumunda, ine nditenge za kufakitale ndi funso la kumpoto lija.

Khungwa amaligulitsa pa muyezo wotchedwa arroba, womwe ndi makilogalamu 15. Likachoka kumunda amaliunjika panja kwa miyezi 6 kapena kuposerapo kuti dzuwa, mvula ndi mphepo zilikhazikitse. Kale ankaunjika pa dothi penipeni. Masiku ano amaika pa simenti yotsetsereka kuti madzi asadikhe, ndipo chifukwa chake ndichitchula kutsogoloku. Kenako amaliwiritsa m'madzi oyera kwa ola limodzi. Kuwiritsaku kumapha tizilombo, kumatsuka zoipa, kumawongola chipande chomwe chinali chokhota ngati ngalande, ndiponso mpweya wa m'timaselo umafufuma mwakuti khungwa limakula ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Likatero amalipumitsa masabata awiri kapena atatu kuti chinyezi chitsike. Ukalicheka lili lonyowa kwambiri chitsekerero chimadzapindika pouma.

Apa pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Chitsekerero sachiboola kuchokera kunja kwa khungwa kulowa mkati. Amadula chipande m'timizere topingasa, totalika pang'ono kuposa chitsekerero, n'kugoneka kamzereko chammbali, kenako chitsulo chonga paipi yakuthwa chimaboola motsatira kutalika kwa mtengo. Zikutanthauza kuti kunenepa kwa chitsekerero kumachokera ku kukhuthala kwa khungwa. Chitsekerero wamba ndi cha mamilimita 24 m'mimba mwake ndi 45 m'litali, choncho khungwa losafika mamilimita 27 silingachitulutse. Chifukwa china choboolera chonchi n'chakuti khungwa lili ndi timabowo topumira tomwe timayenda kuchokera mkati kupita kunja. Ukaboola motsatira timabowoto, wapangira vinyo njira yotulukira. Ukaboola mopingasa, timabowoto timathera pagalasi la botolo. Kukamwa kwa botolo ndi pafupifupi mamilimita 18.5, ndiye chitsekerero cha 24 amachifinya ndi makina n'kuchilowetsa, icho n'kufufuma chokha kutseka.

Zikabooledwa amazipala kuti miyezo ifanane, amazitsuka, amazisankha m'magulu potengera kuchuluka kwa timabowo ndi ming'alu, amadinda dzina la mwini vinyo, n'kuzipaka parafini kapena silikoni pang'ono kuti zilowe ndi kutuluka bwino. Chinyezi chake chizikhala pakati pa 4 ndi 8 pa 100 aliwonse. Chouma kwambiri chimaphwanyika potsegula, chonyowa kwambiri chimachita nkhungu.

Gawo lalikulu la chipande limatsala ngati zibenthu zamabowo, koma palibe chotayidwa. Amazigaya n'kuzimata kupanga zitsekerero zotchipa, zoyala pansi m'nyumba, zidendene za nsapato, magasiketi a injini. Chitsekerero cha shampeni thupi lake ndi logayidwa, kumunsi kokha kokhudza vinyo n'komwe amamatako timabwalo tiwiri ta khungwa lenileni, tochokera ku zipande zopyapyala zomwe zinalephera muyezo uja. Khungwa la nthambi zosadzidwa amaliika mu nthunzi yotentha kupitirira madigiri 300, limafufuma n'kumatana lokha ndi utomoni wake popanda guluu, kutuluka matabwa akuda otchingira kutentha ndi phokoso m'makoma. Fumbi lenilenilo amasonkhezera moto wa fakitale.

Tsopano vuto lomwe linatsala pang'ono kugwetsa malondawa. Pali mankhwala otchedwa TCA omwe amapangika nkhungu ikakumana ndi mankhwala okhala ndi klorini. Vinyo akakhudzidwa amanunkha ngati katoni yonyowa, ndipo mphuno ya munthu imamva ngakhale atakhala ochepetsetsa, ma nanogalamu owerengeka pa lita. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 opanga vinyo ambiri a ku Australia ndi New Zealand anatopa nazo n'kusamukira ku zotsekera zachitsulo zopotokola. Apwitikizi anakakamizika kusintha zambiri: kusiya kutsuka ndi klorini n'kuyamba hydrogen peroxide, kusiya kuunjika pa dothi, kudula n'kupatula mbali ya khungwa yomwe inali pafupi ndi nthaka, kusefa madzi owiritsira, kuchotsa fungo ndi nthunzi. Zitsekerero zodula kwambiri pano zimapimidwa chimodzichimodzi ndi makina onunkhiza.

Za kumpoto. Kale mafakitale akuluakulu anali kummwera ndithu. Ku Seixal, tsidya la mtsinje wa Tejo moyang'anana ndi Lisboa, kunali fakitale ya Mundet yomwe inayamba 1905 n'kutsekedwa 1988. Ku Montijo ndi Barreiro kunalinso ena, ku Portalegre kunali ya banja la Robinson lochokera ku England, ndipo ku Algarve matauni a Silves ndi São Brás de Alportel anakula ndi cork. Angapo mwa amenewa anali a eni ochokera kunja, olemba anthu mazanamazana pa malo amodzi. Kumpoto zinayenda mwa mtundu wina. Ku Vila Nova de Gaia, moyandikana ndi mzinda wa Porto, n'komwe kuli nyumba zosungira vinyo wa Porto, ndiye ogula anali pakhomo. Kampani ya Amorim, yomwe lero ndi yaikulu pa dziko lonse pa malondawa, inayambira komweko mu 1870 ngati kamalo kakang'ono kosemera zitsekerero, banjalo lisanakhazikike m'dera la Santa Maria da Feira. M'midzi ya Lamas, Lourosa ndi Mozelos munadzaza timafakitale ta pabanja, kuseri kwa nyumba, bambo akuboola, mayi ndi ana akusankha, malipiro otsika, kumunda akulimanso. Mafakitale akuluakulu a kummwera atalemedwa ndi ndalama zoyendetsera ntchito ndiponso mpikisano wa pulasitiki, timafakitale iti tinapirira. Lero malole amanyamula khungwa ulendo wa makilomita mazana kupita ku Feira, ngakhale kuwiritsa ndi kusankha koyamba kwabwerera pafupi ndi mitengo, ku Coruche ndi Ponte de Sor. Dziko la Portugal limatulutsa pafupifupi theka la cork wa dziko lonse lapansi, ndipo mu 2018 malonda ake akunja anapitirira mayuro 1 biliyoni, gawo lalikulu kuchokera ku zitsekerero.

Kachere:

Zikomo kwambiri nonse awiri, za kuboola mopingasa zija sindikanaziganiza. Koma funso la zaka zapakati lija likadalipo. Komanso Mai a Tsabola, mwati khungwa lokhuthala ndilo lofunika. Ndiye kuti mtengo wa pamalo achinyontho, wokula msanga, ndiwo wopambana?

Gogo Mlangizi:

Ayi mwanawe, kukhuthala ndi ubwino ndi zinthu ziwiri. Pamalo achinyontho khungwa limakula msanga koma limakhala lotayirira, timabowo tambiri ndi tatikulu. M'mapiri ouma ngati a Serra do Caldeirão, kumtunda kwa São Brás de Alportel, limakula pang'onopang'ono, mizere ya zaka imathinana, ndipo ndilo limatamandidwa kwambiri. Eni minda a malo otere nthawi zina amadikira zaka 10 kapena kuposerapo kuti lifike muyezo. Zaka 9 ndi malire a lamulo, si lamulo loti usende. Wogula akafika amayang'ana zonse ziwiri, kukhuthala ndi kuyera kwa mkati, ndipo amadula tizidutswa pa mitengo ingapo asanatchule mtengo wogulira.

Za zaka zapakati, yankho lili m'mawu oti montado. Si nkhalango yothithikana ayi. Ndi munda wa mitengo yotalikirana, dzuwa lofika pansi, pomwe zinthu zingapo zimachitikira pamodzi. Mwini munda waukulu amaugawa m'zigawo kuti chaka chilichonse, kapena zaka ziwiri zilizonse, pakhale chigawo chosenda. Pansi pa mitengo pamadya nkhosa ndi ng'ombe. Kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka Febuluwale mitengo imagwetsa zipatso zake, bolota, ndipo amalowetsamo nkhumba zakuda za mtundu wa Alentejo kuti zinenepe. Nyengo imeneyi amati montanheira. Bolota wotsekemera kwambiri ndi wa mtengo wina wachibale, azinheira, womwe umachuluka kummawa kouma cha kumalire ndi Spain. Nyama youmika ya ku Barrancos, tauni yaing'ono ya m'malire momwemo, ili ndi dzina lotetezedwa ndi lamulo chifukwa cha nkhumba zimenezi. Onjezani uchi, bowa wam'tchire, nkhuni ndi makala a nthambi zosadza, ndi ndalama za alenje olipira kuti asake. Komabe tisanamizane: minda yambiri ya ku Alentejo ndi ikuluikulu, ya mabanja ochepa. Munthu wamba wa m'tauni ngati Mora kapena Grândola sanali mwini mitengo, anali waganyu wa nyengo: cork m'chilimwe, azitona m'nyengo yozizira, tirigu pokolola. Makina atalanda ntchito ya tirigu, achinyamata anathawira ku Lisboa, Setúbal ndi France, ndipo midzi yambiri pano ndi ya nkhalamba. Osenda aluso nawonso akukalamba, olowa m'malo ndi ochepa, chifukwa ntchito ya miyezi itatu pa chaka siisunga mnyamata pamudzi.

Zomwe zimapha mitengo n'zodziwika. Choyamba ndi khasu la thirakitala lamabwalo lomwe amapalira nalo tchire poopa moto. Mizu yambiri yomwera madzi ili pamwamba penipeni, ndipo imatambalala kupitirira mthunzi wa mtengo. Khasu limaidula, n'kufalitsanso matenda a mizu otchedwa Phytophthora cinnamomi. Mtengo umayamba kuuma nsonga, masamba kuchepa, mwina zaka zingapo, mwina chilimwe chimodzi. Njira yabwino ndi makina ometa tchire pamwamba osatembenuza nthaka. Chachiwiri ndi ng'ombe zochuluka: zimadya ndi kuthyola timitengo tating'ono, ndiye umapeza munda wokongola wa mitengo yokalamba yokhayokha, wopanda mwana ngakhale mmodzi. Mankhwala ake ndi kutchinga kamtengo kalikonse ndi waya wolimba mpaka katakula, kapena kutseka chigawo kwa zaka zingapo. Chachitatu ndi mphutsi yotchedwa cobrilha, yomwe imayenda pakati pa makungwa awiri aja n'kusiya njira zokhotakhota ngati za njoka. Pomwe yadutsa khungwa limamatirira, posenda limang'amba lamkati, ndipo chipandecho chimatsika mtengo. Moto nawo uli ndi nthawi yake: mtengo wovala khungwa lokhuthala umapsa kunja kokha n'kuphukanso, koma wongosendedwa kumene uli maliseche, umafa.

Boma linawonongapo lokha. Mu 1929 linayambitsa kampeni ya tirigu yomwe inachititsa anthu kuswa mphanje pa nthaka yosayenera, mitengo inagwa, nthaka inakokoloka. Lero chokopa ndi china: chitsekereni damu la Alqueva mu 2002, madzi othirira abweretsa minda ya azitona ndi amondi yothinana yomwe imabweza ndalama m'zaka zochepa. Munthu wokhala ndi malo opanda kanthu, umuuze adzale mtengo wa zaka 43 pamene mnzake akukolola chaka chachinayi? Lamulo limateteza mtengo womwe ulipo, moti kudula sobreiro ngakhale wouma kumafuna chilolezo cha bungwe la nkhalango la ICNF, ndipo nyumba ya malamulo inaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu Disembala 2011. Koma lamulo silikakamiza munthu kudzala.

Wofuna kuona chikhalidwe chake ayambire ku Coruche, komwe kuli nyumba yophunzirira za mtengowu yokutidwa ndi cork kunja konse, ndiponso chionetsero cha pachaka chotchedwa FICOR. M'misika ya ku Évora mudzapeza tarro, kachidebe ka cork kokhala ndi chivindikiro komwe abusa ankanyamuliramo chakudya kuti chisazizire, ndi cocho, chikho chomwera madzi chosemedwa kuchokera pa mfundo ya mtengo, chomwe ankachisiya pa kasupe kuti aliyense wodutsa amwere. Mabelu a ziweto opangidwa ku Alcáçovas analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2015, chaka chimodzi pambuyo pa cante, kuimba kwa magulu kopanda zing'wenyeng'wenye komwe kunakulira m'minda yomweyi ndi m'malo omwera vinyo.

Nkhwazi ya Kunyanja:

Agogo, pa za ming'oma ija a Kachere anayambira: Apwitikizi nawonso ankaweta njuchi m'khungwa. Ankatenga chipande chomwe chatuluka chathunthu ngati mgolo, n'kuchisoka ndi zikhomo zamtengo, kuika chivindikiro cha cork pamwamba, n'kuchiimika pa mwala. Dzina lake ndi cortiço, ndipo m'midzi ina ikadalipo. Kusiyana kwake ndi mng'oma wa mombo n'kwakuti mtengo wake unkatsala wamoyo.

Ndipo amene angafike ku Águas de Moura, m'boma la Palmela, akaone sobreiro wotchuka yemwe amamutcha Assobiador chifukwa cha mbalame zoimba m'nthambi zake. Anadzalidwa cha m'ma 1780, wasendedwa koposa ka 20, ndipo mu 1991 yekha anatulutsa makilogalamu oposa 1,200, omwe ndi ma arroba 80. Mtengo wamba ukapereka ma arroba atatu kapena anayi, mwini wake amakhutira.